Mwana Yesu M'jumbo ya Mayi Bridie

Ambuye Yesu atamandike, abale anga! Ayi, mwayankha ngati anthu ozizidwa. Ndati atamandike! Eya, tsopano ndamva kuti m'holo muno muli Amalawi.

Amene simundidziwa, ine ndine Gervazio, bambo a Tadala, kwathu ndi ku Dedza. Amene mumandidziwa musanamizire, dzina limene munkanditchula ndikapotoloka ndikulidziwa. Munkati Petulo, poti sindinkachedwa kuyaka. Sindikukwiya, linkandiyenera. Apampando andipempha kuti poti talowa mu Adiventi ndinene zimene zinandichitikira, ndipo ndinena mosabisa. Ngati muno muli mwamuna amene mkazi wake amayamba wamuwerenga nkhope asanamuuze nkhani, m'bale wanga khala tsonga, ndikuyankhula ndi iwe. Ine banja langa linanditayika m'manja ndikuona, ndipo amene analitaya ndine.

Titabwera kudziko la azungu lino tinkakhala ku Lucan. Ine ndimayendetsa vani yoperekera katundu m'makomo, mayi a Tadala amasamalira okalamba. Tsiku lina landilodi anabwera n'kunena kuti akugulitsa nyumba. Nyimbo imeneyi ambiri muno mwaimvapo. Mayi a Tadala anakhala naye pansi, kumunyengerera bwinobwino kuti atiwonjezere miyezi mwana amalize chaka cha sukulu, ndipo munthuyo anali atavomera. Ine ndikulowa kuchokera ku ntchito, ndinangomva liwu limodzi, kugulitsa. Sindinafunse kanthu. Ndinamugwira pakolala n'kumukankhira kufiriji. Miyezi imene mkazi wanga anapempha ija inathera pakolala pomwepo.

Tinayamba kusaka nyumba. Ukafika kokaona nyumba upeza mzere ngati wa feteleza wa makuponi. Ukaimba foni n'kutchula dzina lako, akuti pepani yapita kale. Mapeto ake akhonsolo anatiika mu hotela ina cha kufupi ndi bwalo la ndege. Kumudzi akamva kuti tikukhala mu hotela ankati talemera. Chipinda chimodzi, mabedi awiri, anthu atatu, Tadala homuweki akulembera pamiyendo. Kuphika n'koletsedwa. Mwana anatopa ndi tchipisi mpaka kuyamba kuwonda, ndiye mayi ake anagula kahotipuleti n'kumakabisa pansi pa bedi. Fungo la anyezi silibisika. Mlonda wa pahotelapo anagogoda, mwaulemu ndithu, kuti akatenge kahotipuleti kaja. Ine ndinamukankha mpaka anakagunda khoma la m'khonde, ndipo kahotipuletiko ndinakamenyetsa pansi ndekha. Nditatembenuka ndinaona Tadala ataima pakhomo, atatseka makutu ndi manja.

Manijala ananena mawu ochepa: bamboyu asapondenso pano, akaponda banja lonse lituluka. Ndinayang'ana mayi a Tadala kuti andiikire kumbuyo. Sanakuwe, sanalire. Anangoti, "Pitani, bambo a Tadala. Mukatsala mutigonetsa panja." Anandipatsa jekete langa ndi bulangete limodzi.

Kuchokera pamenepo zinangotsetsereka. Ndinkagona m'vani. Poyamba ndinkagula chitini chimodzi cha mowa kuti tulo tibwere, kenako ziwiri, kenako ndinasiya kuwerenga. M'mawa ndinkayendetsa mutu ukuwaza, ndipo kuti sindinagunde mwana wa munthu ndi chifundo cha Mulungu basi. Ena a inu munkandiimbira kuti simukuoneka ku mphakati, ine n'kumati ndili bize, ntchito yachuluka. Bodza. Ndinkachita manyazi. Ndinkaimbira mayi a Tadala nditaledzera, kuwatukwana kuti asankha hotela m'malo mwa mwamuna wawo, mpaka anasiya kuyankha.

Ndiye inafika Disembala. Abale, Disembala wa kuno kwa munthu wopanda nyumba ndi chilango. Kwathu Khirisimasi imabwera ndi dzuwa ndi mvula, chimanga chili m'mawondo, ana avala zatsopano, mpunga ndi nkhuku, wayilesi pakhonde. Kuno dzuwa likungosuzumira n'kubwerera. Ndipo ine ntchito yanga inali yonyamula mphatso za anthu ena. Ukagogoda, chitseko chitseguka, kutentha kwa m'nyumba kukuwomba kumaso, mtengo ukuthwanima, mwana akudumpha, iwe upereka phukusi n'kubwerera kuvani yonunkha mowa ndi masokosi. Ndinadana ndi Khirisimasi. Nyimbo zake zikalira pawayilesi ndinkamenya chiwongolero.

Vaniyo ndinkaiimika ku Crumlin, kuseri kwa tchalitchi china, chifukwa khoma lake linkatchinga mphepo. Tsiku lina masana, ndili pa ofu, kuzizira kunandilowa m'mafupa. Ndinalowa m'tchalitchimo. Musaganize kuti ndinkakapemphera. Ndinkafuna hita. Ndinakhala pabenchi lakumbuyo, mowa wadzulo udakali m'mutu, n'kugona.

Nditadzidzimuka ndinaona kuti kutsogolo, pambali pa guwa, amanga khola. Lokongola zedi. Mayi Mariya agwada, Yosefe wagwada, ng'ombe ilipo, bulu alipo, abusa alipo. Ndinayandikira. Modyera ng'ombe muja munali udzu wokha. Mwana mulibe!

Tsono mundimvetse. Kwathu ku parishi achinyamata khola amamanga tsiku lomwelo loti mawa ndi Khirisimasi, ndipo ife anthu wamba tikamalowa timapeza zonse zili m'malo. Chibadwire ndinali ndisanaonepo khola lopanda mwana. Ndikucheuka, ndinaona mayi wina wachizungu, wachikulire, wamfupi, akuthamangira kukhomo atanyamula jumbo ya kusitolo. Pamwamba pa jumbo panatuluka kamwendo. Kamwendo ka mwana, abale, tizala tisanu!

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinati anthu awa atilanda nyumba, tsopano akuba ndi Yesu yemwe. Ndinalumpha benchi, ine ndi mimba yangayi, n'kukuwa m'Chichewa, "Wakuba! Mfiti iwe, bweza mwanayo!" Ndinagwira jumbo. Mayiyo sanasiye. Ine kukoka, iye kukoka. Kenako anandimenya ndi ambulera pakhutu apa, mpaka ndinamva mabelu. Jumbo inang'ambika, ine n'kutsala nditagwira Mwana Yesu mwendo, mutu uli pansi ngati nkhuku ya pamsika.

Ndipo kumbuyo kwanga ndinamva mawu, m'Chichewa: "Pepani bambo, mwanayo musamuthyole mwendo. Tili naye mmodzi yekha."

Ndinaganiza kuti mowa wandipengetsa. Kutembenuka, ndi wansembe wachizungu, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Anakhala zaka zambiri kwathu ali mnyamata, ndipo Chichewa chake chinali chija cha kumudzi chenicheni, chimene ngakhale ife tinachiiwala.

Ndinati, "Abambo, mayiyu amaba Yesu. Ndamugwira ndine."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kugwira benchi. Mawu angawo anamasulirira mayi uja, amene dzina lake ndi Mayi Bridie, wosamalira m'tchalitchimo. Mayi Bridie sanaseke. Ananena m'Chingerezi chawo chothamanga chija kuti akhala akumusunga mwanayo pamwamba pa wadirobu yawo Adiventi iliyonse kuyambira ine ndisanamere ndevu, ndipo palibe chidakwa chinawatchulapo wakuba. Anandilanda mwanayo, kumupukuta ndi mpango, n'kumulowetsa m'jekete lawo.

Wansembe uja anati, "Sanabedwe, bambo. Sanabadwe. Kuno khola timamanga msanga, koma mwana timamuika pa tsiku lake. Masiku onsewa modyeramo mumakhala mopanda kanthu."

Ndinati, "Nanga Yosefeyu akugwadira chiyani poti mulibe kanthu?"

"Akudikira."

Kenako anandinunkhiza, osabisa n'komwe, nati, "Mwamwa. Ndipo vani ili kuseriyo ndi yanu. Ndimaiona m'mawa uliwonse magalasi atachita nthunzi. Khalani pansi, miyendo yanga siilola kuima."

Tinakhala pabenchi lakutsogolo, maso pakhola. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Ndinanena zonse: landilodi, hotela, mlonda, Tadala atatseka makutu. Koma ndinkanena mwaukali, ngati wolakwiridwa ndine. Pomaliza ndinaloza chifanizo cha Yosefe n'kunena kuti, "Ndi uyunso, mwamuna wanji wolephera kupezera mkazi wake chipinda?"

Wansembe anati, "Eya, analephera. Simunayambe ndinu." Anangonena zomwezo, n'kuyamba kusakasaka mankhwala a chifuwa m'thumba.

Abale anga, mawu amenewo anandilasa. Ndinamuyang'ana Yosefe uja bwinobwino. Mmisiri wa matabwa, munthu wa manja ake ngati ine. Wayenda ulendo wautali ndi mkazi wapakati, wagogoda paliponse, paliponse akuti malo adzaza. Ine ululu umenewo ndimaudziwa! Ndimadziwa mmene mwamuna amamvera akamabwerera kwa mkazi wake kukanena kuti kumenekonso akana. Koma nkhani ya kubadwa kwa Ambuye ndaimva chaka ndi chaka kuyambira ndili mwana, ndipo sindinamvepo kuti Yosefe anagwira mwini nyumba ya alendo pakolala. Sindinamvepo kuti anakankha mlonda. Anatenga malo onunkha ndowe amene anapatsidwa, anasesa, anayala udzu, n'kukhala pambali pa mkazi wake. Ndipo Mulungu sananene kuti yambani mwapeza nyumba yabwino ndiye ndibwere. Anabwera momwemo! M'khola momwemo!

Pamenepo ndinaona chimene chinkandidya. Sanali landilodi, sinali khonsolo. Anali manyazi oti ndalephera kufunditsa banja langa denga, ndipo manyaziwo ndinkawasandutsa zibakera. Chipinda cha mu hotela chija chinali khola lathu. Mkazi wanga anali atasesa kale, atayala udzu, akuphikira mwana pansi pa bedi. Chimene chinkasowa ndi mwamuna woti akhale pambali pake mwakachetechete. Ine m'malo mwake ndinagwetsa khola.

Ndinalira, abale. Kulira kwa mamina. Mayi Bridie anabwera, ndinkayesa adzanditonthoza. Anandiponyera makiyi a galimoto yawo nati popeza mphamvu ndili nazo zambiri, ndikatsitse mabelo a udzu otsala. Ndinatsitsa. Nditamaliza anandipatsa tiyi ndi bisiketi, akundiyang'anabe ngati galu woluma.

Tsiku lomwelo ndinalapa kwa wansembe uja, m'Chichewa, koyamba chifikireni m'dziko lino. Zitini zimene zinali m'vani ndinakazikhuthulira mu ngalande. Musaganize kuti ludzu linathera pomwepo. Wansembe anandilozera gulu la anthu osiya mowa limene limakumana m'holo ya parishi, ndipo mpaka lero ndimapita. Ananditumizanso ku kalasi ya anthu aukali. Inde, iliko, musaseke! Amuna akuluakulu titakhala mozungulira, mayi wina akutiphunzitsa kupuma. Tsiku loyamba ndinakwiya m'kalasi momwemo, ndinati ine ndabwera kudzafuna banja langa, osati kudzaphunzira kupuma, ndakhala ndikupuma chibadwire. Koma ndinabwereranso. Chimene ndinatolako n'chakuti moto ukayamba kukwera pachifuwa, manja ndimalowetsa m'matumba n'kutuluka panja. Anthu a mu msewu wathu amayesa ndimakonda kuyenda.

Kenako ndinaimbira Ba Tembo, m'bale wathu wa ku Zambia uyo wakhala pafupi ndi hitayo. Ndinawauza zoona. Anati, "Mudala, miyezi yonse iyi ugona mu motoka ise tili na sofa? Bwela manje manje." Akazi awo anandiuza pakhomo pomwe kuti m'nyumba mwawo fungo la mowa likalowa, ine ndituluka nalo.

Tsono ukali uli ndi mng'ono wake, dzina lake phuma. Nditangokhala sabata osamwa ndinagula chidole chachikulu ndi nsapato za mayi a Tadala, ndati ndikupita kuhotela. Ba Tembo anaima pakhomo. "Ufuna kungofika monga Fada Khirisimasi? Ukaponda paja bazabachotsa bonse. Ndiponso kwanu mulibe ankhoswe?"

Ankhoswe tili nawo, koma ali ku Lilongwe. Tinawaimbira pavidiyo alamu anga a Sitefano, mchimwene wawo wa mayi a Tadala, Ba Tembo atakhala mbali yanga. Netiweki inkadukaduka, moti kupepesa kumodzi ndinakunena katatu. Alamu anandisambitsa chokweza. Anati, "Alamu, ife tinakupatsani mlongo wathu kuti mukamusunge, osati azikakusungani ngati mwana wakhanda kudziko la eni." Moto unakwera. Ndinalowetsa manja m'matumba, n'kunena kuti, "Mukunena zoona, alamu." Ba Tembo anandiyang'ana ngati aona mzukwa.

Mlonda uja ndinakamudikirira kunja kwa mpanda, pa msewu, chifukwa mkati sindinkaloledwa. Atandiona anabwerera m'mbuyo. Ndinamupepesa manja ali kumbuyo. Iye anati naye ali ndi ana, ndipo kahotipuleti kaja sankafuna kukatenga, anachita kutumidwa. Manijala anati akhoza kundilola kumabwera masana, koma pokhapokha mayi a Tadala atanena okha kuti akufuna.

Yankho la mayi a Tadala linadzera kwa alamu. Liwu limodzi: "Adikire."

Mpaka liti? Sananene. Abale, kwa munthu ngati ine liwu limenelo ndi ndende. Koma ndinali nditaona amene ankagwadira udzu wopanda kanthu. Ndiye Adiventi imene ndikuidziwa ine tsopano. Si nthawi yothamanga m'masitolo ayi. Ndi nthawi yokonza malo, n'kukhala pansi, osakoka jumbo ya munthu. Mphatso ya Mulungu salanda. Chikhululukiro cha mkazi wako salanda. Umakonza mtima, umasiya chimene uyenera kusiya, ndipo mwanayo amabwera pa tsiku lake, osati pa tsiku lako.

Ndinkayembekeza kuti pa Khirisimasi andiitana. Ndinameta, ndinasita malaya. M'mawa ndinapita ku Misa ku Crumlin, ndipo nditalowa ndinapeza mwana ali modyera muja, manja atatambasula. Ndinaimba mokweza mpaka azungu kutembenuka! Mayi Bridie anandigunda ndi chigongono nati, waona, ndamubweza. Titatuluka ndinayang'ana foni. Zii. Kwa Ba Tembo tinadya, ana akusewera, ine foni ili pambali pa mbale. Madzulo kunabwera uthenga wa Tadala, m'Chingerezi monga achitira ana athu a kuno, wondifunira Khirisimasi yabwino. Wa mayi ake kunalibe. Makiyi a vani anali m'thumba, hotela ndimaidziwa njira. Gervazio wakale akanapita kukagwedeza geti. Ndinapereka makiyi kwa Ba Tembo kuti andisungire, n'kukatsuka mbale.

Chaka chatsopano chinalowa ndili ndi kapu ya tiyi m'manja. Foni zii.

Ndikuuzeni inu amene muli m'vani lero, kaya vani yanu ndi mowa, kaya ndi njuga za pafoni, kaya ndi ukali ngati wanga. Musadikire kuti zinthu ziyambe zakhala bwino ndiye mubwerere kwa Mulungu. Iye anazolowera malo onunkha. Uzani munthu mmodzi zoona, lero lomwe, tisanatuluke muno. Pepesani amene munawalakwira popanda kuwonjezera mawu oti koma. Mukatero dikirani. Ife pano tinapeza kanyumba konkuno ku Balbriggan, patapita nthawi yaitali, koma banja langa silinabwerere chifukwa cha nyumba. Linabwerera tikadali mu hotela.

Linali tsiku lokumbukira mafumu aja amene anabweretsa mphatso kwa Mwana Yesu, tsiku lotsekera nyengo ya Khirisimasi. Ndili pakati pa ntchito, foni inalira. Mayi a Tadala. Ndinaimika vani pambali n'kuyankha.

"Bambo a Tadala, mukaweruka mubwere. Ndauza amanijala."

Abale, sindikudziwa mmene ndinamalizira mapaselo tsiku limenelo! Ndinafika, mlonda uja ananditsegulira yekha n'kundigwira dzanja. Pachipinda anatsegula ndi Tadala. Anandiyang'ana kaye kumaso, kenako m'manja, kenako anandikumbatira m'chiuno. Mayi ake anali atakhala pabedi, atavala chitenje chatsopano ndi ndolo, chikwama pamiyendo. Ndinagwada. Mawu amene ndinakonza kwa milungu yonse ija ndinayamba kuwanena, koma anandidula.

"Dzukani, ndamva kale kwa achimwene. Mukudziwa kuti lero ndi tsiku lanji kuno?"

Ndinati, "La mafumu atatu."

"Kuntchito anzanga andiuza kuti kuno lero ndi Khirisimasi ya amayi. Amayi amapita kokamwa tiyi, ntchito zonse agwira ndi amuna. Ine ndikutuluka ndi anzanga." Mayi a Tadala ndi awo akupukusa mutu apowo, afunseni ngati ndikunama! Anaimirira, anadzola mafuta m'manja, n'kuloza pakona. "Zovala izo. Makina ochapira ali pansi. Mwana ali ndi masamu, mumuthandize osamukalipira. Ndikabwera ndikupezeni."

Ndinatsika masitepe a hotela ija nditasenza mtolo wa zovala zakuda pamutu, mwana wanga akunditsogolera njira, ine ndikuimba Aleluya.